Mwana wa mnzako akagogoda pageti ku Luwinga

Sabata yatha ndinalonjeza kuti lero tikambirana za mtengo wa feteleza, koma mundikhululukire, nkhani imeneyo idikire kaye. Kwathu kuno ku Luwinga yafika nyengo ya zikwama. Amene mumakhala moyandikana ndi sukulu yaukachenjede ya Mzuzu, imene ambirife timangoti Mzuni, mukudziwa chimene ndikunena. Mayeso akangotha, msewu wa M1 umadzaza ndi akabaza atanyamula matiresi opinda pakati, zidebe, mbaula ndi zikwama zamizeremizere zija. Ophunzira ena amakhala akupita kudepoti kukakwera basi ya kwawo. Ena amangoyenda geti ndi geti, funso lawo lili limodzi: "Pepani, pano pali malo?"

Chaka chino mmodzi mwa ofunsawo anali mwana wa mlongo wanga. Anachokera ku Ntcheu chaka chatha, ndipo ndi mtsikana woyamba m'banja mwathu kusankhidwa kupita ku yunivesite. Chaka chake choyamba chonse wagona m'hositelo. Lachisanu lina chakumadzulo ndinangoona njinga ziwiri zaima pakhomo, iye ali pambuyo ndi chidebe m'manja. Atapereka moni anakhala pansi n'kunena motsitsa mawu: "Amalume, dzina langa silinatuluke pa mndandanda wa opeza malo chaka chamawa. Makiyi ndabweza kale."

Apa ndiulule chinthu chimodzi, kuti mukamawerenga mudziwe amene akulankhula nanu. Inenso ndine landilodi. Kuseri kwa nyumba yanga ndinamanga zipinda zitatu ndi ndalama yanga yopumira pantchito, ndipo mumagona anyamata a pa sukulu yomweyi. Onse analipiriratu semesita ikubwerayi. Kuthamangitsa ana a eni kuti ndilowetsemo wanga sikukanatheka. M'nyumba yaikulu namo tilimo asanu ndi mmodzi m'zipinda ziwiri, kuphatikizapo mayi anga amene akudwala. Mlendo angathe kugona pabalaza sabata imodzi, koma munthu wowerenga mpaka pakati pa usiku sangakhalepo chaka chonse. Choncho Loweruka m'mawa ndinavala jekete, ine ndi mwanayo tinayamba kusaka nyumba. Kwa zaka zonsezi ndakhala ndikuyankha funso lija ndili mkati mwa geti. Aka kanali koyamba kulifunsa ndili kunja.

Nyumba yoyamba inali pafupi ndi sukulu, ulendo wa mphindi zisanu wapansi. Mwini wake anatitsegulira chipinda chokhala ndi mabedi awiri osanjikiza, kutanthauza anthu anayi, zenera limodzi, ndi malo oponda ochepa moti awiri sangavale nthawi imodzi. Ndinawerenga zitseko pabwalopo n'kupeza kuti pamakhala ophunzira 16, chimbudzi chimodzi ndi bafa imodzi. Nditafunsa kuti m'mawa amatani onse akamathamangira kalasi, anandiyankha akuseka kuti amazolowera. Nyumba yachiwiri inali yooneka bwino, penti watsopano, mtengo wabwinoko, koma inali kumunsi chakudambo. Nditasuntha bedi ndinaona mzere wobiriwira pakhoma, wofika m'mawondo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pa nyumba yachitatu m'pamene ndinamva zimene mwanayo ankandibisira. Tikuyandikira geti anaima n'kunena kuti, "Amalume, pano ndinalipira kale." Masabata awiri m'mbuyomo anaona zithunzi za chipinda pa gulu la WhatsApp. Mnyamata amene anaziika anati ndi mwana wa mwini nyumba, ndipo malo atsala amodzi okha, wofuna atumize dipoziti tsiku lomwelo. Iye anatumiza pa foni. Kuyambira pamenepo nambala ija sinapezekenso. Mayi a panyumbapo atatuluka anangogwira pakamwa. Mnyamatayo samudziwa, mwana wamwamuna alibe, ndipo wathuyu anali mtsikana wachitatu kufika ndi nkhani yomweyo sabata imeneyo. Ndalama imene inapitayo mlongo wanga anaipeza atagulitsa soya. Tinakanena kupolisi, monga mmene aliyense ayenera kuchitira, koma pobwerera tonse tinali chete.

N'chifukwa chiyani mwana wanzeru, wokhoza mayeso a Fomu 4 mpaka kusankhidwa pakati pa anzake zikwizikwi, angatumize ndalama kwa munthu amene sanamuonepo? Si kupusa ayi. Ndi mantha. Ndipo manthawo ali ndi chiyambi chake.

Sukulu ya Mzuni inakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo mu 1997, ndipo inalandira ophunzira oyamba mu Januwale 1999. Sinayambire pa malo atsopano. Inalowa m'nyumba zimene kale zinali sukulu yophunzitsa aphunzitsi, zomangidwa poganizira anthu mazana ochepa. Lero ophunzira ali m'zikwi. Kuchuluka kumeneku ndi chinthu chabwino, chifukwa ndi chimene chapatsa mwayi ana ngati wa mlongo wanga. Koma kuwonjezera mayina pa mndandanda wa osankhidwa n'kosavuta kusiyana ndi kumanga hositelo. Mabedi a pasukulu ndi ochepa poyerekeza ndi ofuna kugonapo, ndipo otsalawo amatsikira kuno kwathu: Luwinga, Area 1B, Lupaso, Nkhorongo, ena mpaka ku Chibavi ndi ku Katawa.

Akafika kuno sapeza malo akuwadikira. Kalembera wa mu 1998 anapeza anthu osakwana 90,000 mumzinda wa Mzuzu. Wa mu 2018 anapeza oposa 220,000. Ku Luwinga komweku kuli chipatala chachikulu cha Mzuzu Central chimene chinatsegulidwa mu 2000, kulinso makampani ndi nyumba zosungiramo katundu. Namwino, dalaivala, mlonda ndi wophunzira onse akulimbirana chipinda chimodzi. Vutoli si la Mzuzu yokha. Funsani ophunzira a ku Zomba za Chikanda, kapena a ku Blantyre za Chitawira ndi Zingwangwa, akuuzani zofanana.

Pamene ofuna achuluka, ife eni nyumba tinaphunzira masamu atsopano. Tinasiya kuchititsa lendi chipinda, tinayamba kuchititsa lendi bedi. Tiyerekeze kuti bedi limodzi ndi K50,000 pamwezi. Chipinda cha anthu anayi chikubweretsa K200,000, ndalama imene banja lapantchito silingalipire pa chipinda chimodzi. Ndiye mwini nyumba amachotsa banja, n'kugula matabwa, n'kukhoma mabedi. Chimbudzi chimakhala chomwe chija, mpopi womwe uja, mita ya magetsi yomwe ija. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, simenti, malata ndi penti zinakwera, ndipo lendi inakwera nawo. Zimenezo n'zomveka. Chosamveka n'choti malo ambiri lendi inakwera pomwe sipanagulidwe ngakhale thumba limodzi la simenti.

Palinso nkhani ya nthawi. Ophunzira ambiri amadalira ngongole ya bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, limene linakhazikitsidwa mu 2015. Ndalama imeneyo wophunzira amaiona sukulu ikatsegulidwa. Koma landilodi amafuna yake sukulu isanatseke n'komwe, kuti asunge malo. Pakati pa masiku awiriwa pali dzenje, ndipo m'dzenjemo ndi mmene mumagwera soya wa makolo, katapila, madobadoba, ndiponso abambo ena a magalimoto amene amadziwa bwino kuti mtsikana wosowa pogona savuta kumunyengerera. Tisanamizane, zimenezi timaziona.

Tsopano ndifike pa mlandu wanga. Kuyambira pamene ndinamanga zipinda zija, lamulo langa lakhala loti wofuna kusunga malo alipire lendi yonse ngakhale pa tchuthi. Ndinkati ndalama ya nyumba sipita kutchuthi. Sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, anyamata anga anapita kwawo, katundu wawo ali m'zipinda, ndipo ndinkawaimbira foni mwezi ndi mwezi. Mmodzi analephera, ndinamusungira matiresi ndi mabuku mpaka atamaliza kubweza. Nthawi imeneyo ndinkaona ngati ndikungoteteza changa. Loweruka lija, bambo wina atatiuza kuti tilipiriretu miyezi yonse ya tchuthi kuwonjezera pa dipoziti, ndinapsa mtima n'kumufunsa ngati alibe ana. Tili m'njira mwanayo anandifunsa mwaulemu kuti, "Nanga amalume, kwanu kuja anyamata aja amalipira bwanji pa holide?" Sindinamuyankhe msanga.

Sindikunena kuti eni nyumba tonse ndife adyera, kapena kuti ophunzira onse ndi angelo. Ndaonapo wophunzira akuchoka usiku ndi ngongole ya miyezi iwiri. Ndaonapo chitseko chothyoledwa chifukwa kiyi watayika kumowa, ndi hita yolumikizidwa mobisa imene inamaliza mayunitsi a mwezi wonse m'masiku asanu. Amayi ambiri amasiye kuno amadya ndi kuphunzitsa ana awo kuchokera m'zipinda zimenezi. Popanda iwo, ophunzira zikwi akanasowa kolowera. Koma pa anthu awiriwa, wina ali ndi nyumba ndipo wina ali ndi chikwama pamutu. Wamphamvu ndi amene ayenera kuyamba kuchita chilungamo.

Kwa inu ophunzira amene mukutuluka m'hositelo, nazi zimene ndaphunzira m'masiku atatu oyenda ndi zaka zingapo zokhala landilodi.

Choyamba, musadikire mndandanda. Yambani kufunsa semesita ili pakati, makamaka kwa anzanu a chaka chomaliza, chifukwa malo amene akuchokamo ndi amene mungawadziwe bwino. Iwo akuuzani ngati madzi amatuluka, ngati denga limadontha, ngati mwini nyumba amabweza dipoziti. Safunsa anadya phula.

Chachiwiri, musatumize ndalama pa chithunzi. Fikani pamalopo, lowani m'chipindamo, onanani ndi mwini wake maso ndi maso, ndipo funsani oyandikana nawo ngati alidi mwini. Munthu akamakufulumizitsani kuti malo atsala amodzi, mutumize pompano, dziwani kuti pali chimene sakufuna kuti muone. Mukamalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, onetsetsani kuti dzina lotuluka pa foni ndi la munthu amene mwagwirizana nayeyo, ndipo uthengawo musaufufute.

Chachitatu, yang'anani nyumba ngati munthu wodziwa Mzuzu. Kuno mvula imagwa mpaka Epulo, nthawi zina kupitirira, ndipo Juni ndi Julaye kumazizira kwambiri. Amene tinalipo tikukumbukira mvula ya mu Epulo 2016 imene inagwetsa nyumba zambiri mumzinda uno. Suzumirani kuseri kwa bedi ndi kumunsi kwa khoma. Kwezani maso kumalata masana, ngati mukuona kuwala ndiye kuti mvula idzalowanso pomwepo. Funsani kuti njira yopita kusukulu imakhala bwanji mu Febuluwale.

Chachinayi, werengani anthu, kenako werengani zimbudzi. Kolera imene inayamba mu 2022 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo chigawo chakumpoto sichinasiyidwe. Tsegulani mpopi muone ngati madzi akutuluka. Funsani kuti bilu ya Northern Region Water Board amalipira ndani, ndipo madzi akasiya mumatunga kuti. Za magetsi a ESCOM funsani ngati mita ndi yanuyanu kapena ya bwalo lonse, amagula mayunitsi ndani, ndipo kuphikira magetsi n'kololedwa kapena ayi. Mikangano yambiri ya m'mabwalo athu imayambira pa mita. Ngati muziphikira makala, mbaula isalowe m'chipinda chotseka ngakhale kuzizire bwanji, chifukwa mpweya wa makala umapha munthu ali m'tulo.

Chachisanu, nyumba yotchipa yakutali iwerengereni pamodzi ndi kabaza. Ngati muzikwera kawiri patsiku, masiku asanu pasabata, ndiye kuti pamwezi ndi maulendo 40. Chulukitsani ndi mtengo wa ulendo umodzi, muphatikize pa lendi, muone ngati ikadali yotchipa. Ndipo njirayo muiyendepo madzulo muli ndi mnzanu musanalipire, chifukwa mudzaidutsa usiku mukuchokera kowerenga, laputopu ili kumsana. Onani loko wa chitseko ndi zitsulo za pazenera.

Chachisanu ndi chimodzi, lemberanani. Sipafunika loya. Pepala la m'kope ndi lokwanira: lendi ndi zingati, imalipiridwa tsiku liti, m'chipinda mugona angati, pa tchuthi mulipira bwanji, dipoziti idzabwezedwa liti, ndipo wofuna kuthetsa mgwirizano adziwitse mnzake kusanathe masiku angati. Musayine nonse, pakhale mboni, aliyense asunge lake. Jambulani chipindacho tsiku lolowa, kuti galasi losweka kale lisadzakhale lanu potuluka. Landilodi wokana kulemba wakuuziranitu mmene adzakhalire pa tsiku la mkangano.

Chomaliza, sankhani bwino wogona naye. Mnzanu wocheza naye pakhonde la kalasi si nthawi zonse amene mungagawane naye ufa ndi mayunitsi. Kambiranani za alendo, za phokoso, za kuphika, ndi zimene mudzachite wina ndalama ikamuchedwera.

Kwa makolo, mwana akakuimbirani kuti sanapeze malo pasukulu, musayambe ndi kumukalipira ngati walakwa. Wa mlongo wangayu anabisa za dipoziti ija masabata awiri chifukwa choopa mayi ake, ndipo anatumiza ndalamayo mwachinsinsi pofuna kuonetsa kuti wakula, angathe kudzithandiza yekha. Ngati muli ndi wachibale kapena wa mpingo wanu mu Mzuzu, mupempheni akaone nyumbayo. Maso a munthu wamkulu pageti amasintha ngakhale malankhulidwe a landilodi.

Kwa akuluakulu, zina sizifuna mabiliyoni. Sukulu pamodzi ndi bungwe la ophunzira angathe kusunga kaundula wa nyumba zimene zayenderedwa, wokhala ndi dzina la mwini wake weniweni, mtengo ndi chiwerengero cha ogona, n'kumupachika poonekera semesita isanathe. Kaundula wotere yekha angachotse msika wa madobadoba. Mndandanda wa opeza malo m'hositelo ukamatuluka msanga, otsalawo amakhala ndi nthawi yosaka modekha. Khonsolo ya mzinda wa Mzuzu, imene imavomereza mapulani a nyumba ndi kuyang'anira ukhondo, ingathe kunena poyera kuti chimbudzi chimodzi chitumikire anthu angati pa nyumba yogonamo ophunzira, n'kumayendera. Ife eni nyumba achilungamo sitingaope zimenezo. Koma mankhwala enieni ndi kumanga. Chaka chilichonse pamene boma likulengeza kuti lasankha ophunzira ochuluka kuposa kale, wina aimirire m'Nyumba ya Malamulo afunse kuti anawo akagona kuti.

Mwina mukufuna kudziwa kuti tinathera pati. Lolemba masana mayi wina wa kutchalitchi kwathu anatilozera kwa agogo ena chakunjira ya ku Lupaso. Anatilandira ndi monire, natikhazika pamkeka, ndipo asanatchule mtengo anayamba afunsa mwanayo kwawo, mpingo wake ndi zimene akuphunzira. Chipinda n'chaching'ono, cha anthu awiri, pansi pa simenti youma, ndipo kusukulu ndi ulendo wa theka la ola. Nditatulutsa kope kuti tilemberane, agogowo anaitana mdzukulu wawo kuti awawerengere mzere uliwonse, kenako anadinda chala. Pa tchuthi anati tilipire theka, poti mwanayo sakhala akutunga madzi awo. Ndalama ya soya ija sinabwerere. Ndabweza ine, ndipo mlongo wanga adziwira m'nyuzipepala muno ngati wina amuwerengera.

Madzulo a tsiku lomwelo ndinaitana anyamata anga atatu amene anali asananyamuke. Ndinawauza kuti kuyambira tchuthi chino azilipira theka, ndipo chotsala pa zimene analipiriratu chipite ku mwezi wotsegulira. Tinalemberana, koyamba m'zaka zonsezi. Mmodzi anandikumbutsa za loko wa bafa amene ndakhala ndikulonjeza kuyambira chaka chatha. Ndamugula Lachitatu.

Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mwambiwu ndauphunzitsa m'kalasi zaka zambiri, koma pa lendi ndinkauiwala. Anzanga a ku Luwinga, sabata ino wina agogoda pageti panu ndi chikwama. Ngati malo mulibe, muuzeni zoona ndi kumulozera kwa munthu amene mukumudziwa. Ngati alipo, muonetseni chimbudzi ndi kuseri kwa bedi musanalandire ndalama yake.

Za feteleza zija tikambirana sabata yamawa.